Chinayamba N'chiti? Ana a ku Angónia ndi Ndondomeko ya Zochitika Powerenga

Lembani pa bolodi chiganizo ichi: "Mbuzi zinalowa m'munda mbusa atagona." Mukatero funsani ana a kalasi yachitatu kuti chinayamba n'chiti, kulowa kwa mbuzi kapena kugona kwa mbusa. Manja adzakwera msanga, ndipo pakati pawo padzapezeka ena onena kuti mbuzi ndizo zinayamba. Si kuti anawo sadziwa za ubusa. Ambiri mwa iwo amaweta akaweruka, ndipo akudziwa kuti mbuzi imadikira mwini ndodo asinze. Mukanawauza pakamwa, mukukweza ndi kutsitsa mawu monga timachitira pocheza, sakanaphonya. Chawasokoneza n'chakuti pa bolodi mbuzi zalembedwa kumanzere, mbusa kumanja, ndipo diso la mwana amene wangoyamba kuwerenga limakhulupirira kuti chimene lakumana nacho poyamba ndicho chinachitika poyamba.

Nkhani iliyonse yolembedwa imayenda ndi ndondomeko ziwiri. Pali ndondomeko ya mmene zinthu zinachitikira, palinso ndondomeko ya mmene wolemba wazikambira. Ziwirizi zikamayendera limodzi, mwana savutika. Zikasiyana, wowerenga amayenera kumasula zimene wapatsidwa n'kuziyalanso yekha m'mutu mwake, ichi kuno, icho uko. Ntchito imeneyi ndiyo tikutanthauza tikamati mwana azizindikira ndondomeko ya zochitika. Ambiri amaiyesa nkhani yaing'ono, yoti mphunzitsi angaimalize tsiku limodzi ndi mawu atatu aja, "poyamba", "kenaka", "pomaliza". Ine ndikuona kuti ndi imodzi mwa ntchito zikuluzikulu za kuwerenga, ndipo kuno ku mapiri a Angónia, m'dziko la Mozambique, siingalekanitsidwe ndi funso la chilankhulo chimene mwana akuwerengamo.

Tiyambe ndi zimene mwana amabwera nazo kuchokera kumudzi, chifukwa sabwera chimanjamanja. Mwana wa ku Domwe kapena ku Lifidzi amafika pa sukulu atamva kale nthano zambiri, ndipo nthano zathu zimayenda molunjika. Wokamba akati "padangotero", omvera n'kuyankha "tili tonse", zochitika zimatsatana ngati mikanda pa ulusi: Kalulu anadzuka n'kupita kudambo, n'kupeza Fisi, n'kumunamiza. Ka "n'ku-" kameneko kamamanga chochitika china pa chinzake, ndipo sikalola kubwerera m'mbuyo. Wokamba akalumpha gawo, ana omwe amamudzudzula: "Ayi agogo, simunanene za chitsime!" Mwana wotereyu ndondomeko akuidziwa. Chimene sanakumane nacho kwambiri ndi nkhani yoyambira pakati, kapena yoyambira kumapeto, popanda nkhope ya wokamba, popanda manja olozera kumbuyo, popandanso mwayi wofunsa kuti, "Zimenezi zinachitika liti?" Pepala siliyankha.

Akatswiri anayamba kalekale kufufuza vutoli. Mu 1971 Eve Clark anayesa ana a zaka zitatu mpaka zisanu olankhula Chingerezi. Ankawapatsa tizidole n'kuwauza ziganizo zokhala ndi zochitika ziwiri kuti achite ndi tizidoleto zimene amva. Ana aang'ono kwambiri ankangochita zinthu motsata mmene zatchulidwira: chotchulidwa poyamba, ndicho chochitidwa poyamba, ngakhale chiganizo chikunena zosiyana. Tingaganize kuti zimenezi zimatha munthu akakula, koma sizitheratu. Mu 1998 Thomas Münte, Kolja Schiltz ndi Marta Kutas anayeza mmene ubongo wa akuluakulu umagwirira ntchito powerenga, ndipo anapeza kuti chiganizo choyamba ndi chimene chinachitika pambuyo chimaugwiritsa ntchito yambiri kuposa chiganizo chotsata ndondomeko. Wowerenga amayenera kusunga chigawo choyamba m'mutu, osachiika pamalo pake, mpaka chachiwiri chitafika. Ngati munthu wamkulu wodziwa kuwerenga amalemedwa nazo, nanga bwanji mwana amene akulimbanabe ndi malembo?

Kafukufuku ameneyu anachitika m'zilankhulo za kutali, koma mmene Chichewa chimamangira ziganizo zimasonyeza kuti nkhaniyi imatikhudza kwambiri. Tengani zochitika ziwiri, kudya ndi kugona. Tingati, "Atadya, anagona." Tingatinso, "Anadya asanagone." M'ziganizo ziwirizi mawu akuyenda limodzi ndi nthawi. Koma tingathenso kunena kuti, "Anagona atadya," kapena, "Asanagone, anadya." Zinayi zonsezi zikunena chinthu chimodzi, koma ziwiri zomalizazi zatembenuza ndondomeko. Ndipo taonani chimene chanyamula katundu yense: si liwu loima palokha loti mwana angalizungulize ndi pensulo, koma kachidutswa kobisala m'kati mwa mneni, "-ta-" kapena "-sana-". Pakati pa "anafika" ndi "atafika" pali lembo limodzi. Pakati pa "sanafike" ndi "asanafike" palinso lembo limodzi, koma liwu loyamba likukana kuti munthuyo anafika, pamene lachiwiri likungotiuza kuti china chinachitika iye ali m'njira. Polankhula, kamvekedwe ka mawu kamathandiza khutu kusiyanitsa zimenezi. Polemba sitiika zizindikiro za kamvekedwe, choncho zonse zatsalira diso.

Onjezerani apa ziganizo zitatu izi: "Anamupeza akudya." "Anamupeza atadya." "Anamupeza asanadye." Mlendo ndi mmodzi, mwini nyumba ndi mmodzi, koma pa ulendo woyamba mlendo asamba m'manja, pa wachiwiri apeza mbale zotsuka, pa wachitatu adikira. Mwana aliyense wa kuno amamva kusiyana kumeneku ndi khutu. Ntchito ya mphunzitsi ndi kumuonetsa pamene kusiyanako kwagona pa pepala. Palinso "anali ata-", monga "anali atachoka kale", amene amatibweza m'mbuyo kuposa pamene nkhani yafika, ndi "-nka-", monga "ankapita", amene sakamba za tsiku limodzi koma za chizolowezi. Zida zoyalira nthawi chilankhulo chathu chili nazo zokwanira. Chimene chimachepa ndi kuziphunzitsa mwadala.

Pali chinthu china chimene sitingachilambalale. Mwana amene amawerenga phatikizo limodzilimodzi, "a-sa-na-mu-u-ze", amafika kumapeto kwa liwu ataiwala chiyambi cha chiganizo. Mphamvu zake zonse zathera pa kutchula, ndipo sizinatsale zoyalira zochitika. Mayeso a boma la Mozambique a mu 2016 anasonyeza kuti mwa ana 100 alionse a kalasi yachitatu, osakwana 5 ndiwo anali ndi luso la kuwerenga loyenera kalasi yawo. Wina anganene kuti, zinthu zili choncho, tiyambe taphunzitsa malembo, za ndondomeko zidzabwera pambuyo. Ine sindikuvomereza. Malembo aphunzitsidwe tsiku ndi tsiku mosanyengerera, inde, koma kumva nkhani sikudikira malembo. Mphunzitsi angawerengere ana a kalasi yoyamba mokweza, n'kuima, n'kufunsa kuti chinayamba n'chiti. Mwana amene wazolowera funso limeneli ndi khutu adzalinyamula yekha tsiku limene diso lake lidzathamange.

Tsono tifike pa chilankhulo. Mwana wa ku Angónia amakula akulankhula Chinyanja, chimene tsidya lina la malire, ku Dedza ndi ku Ntcheu, amati Chichewa. Chilankhulo cha boma ndi Chipwitikizi, ndipo kalembera wa mu 2017 anapeza kuti anthu amene Chipwitikizi ndi chilankhulo chawo chobadwa nacho ndi pafupifupi 17 mwa 100 alionse m'dziko lonse, ambiri a iwo okhala m'mizinda. Chipwitikizi chimayala nthawi m'njira yakeyake. Chili ndi mawu oima paokha, "antes de" ndi "depois de", pamene ife timalowetsa kachidutswa m'kati mwa mneni. Chimasiyanitsa "saiu" ndi "tinha saído", "comeu" ndi "comia", ndipo kusiyanako nthawi zambiri kumakhala kumapeto kwa liwu, pamene kwathu kumakhala chakumayambiriro. Mwana wowerenga ndime ya Chipwitikizi asanachidziwe bwino amatola mawu ochepa amene akuwazindikira, galu, nyumba, mvula, n'kuwalumikiza mmene awaonera. Ndiye kuti wabwerera ku njira ya ana a zaka zitatu aja a Eve Clark, osati chifukwa nzeru zake n'zochepa, koma chifukwa zizindikiro za nthawi sizikumuuza kanthu. Mphunzitsi akalemba "walephera", sangadziwe ngati mwanayo walephera kuyala zochitika kapena walephera Chipwitikizi.

Chigawo cha Tete, mmene muli Angónia, chili ndi mbiri yake pa nkhani imeneyi. Nkhondo yapachiweniweni itangotha, kuyambira mu 1993 mpaka 1997, bungwe la boma loona za maphunziro la INDE linayesa kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri pa ntchito yotchedwa PEBIMO. Zigawo zosankhidwa zinali ziwiri zokha: Gaza, kumene anagwiritsa ntchito Chichangana, ndi Tete, kumene anagwiritsa ntchito Chinyanja. Carol Benson, amene anaunika ntchitoyo, analemba za makalasi mmene ana ankalankhula ndi kuyankha momasuka kusiyana ndi anzawo ophunzira m'Chipwitikizi chokha. Mu 2003 boma linayamba maphunziro a zilankhulo ziwiri m'masukulu ena, ndi zilankhulo 16, Chinyanja chili m'gulumo. Lamulo la maphunziro la mu 2018 linavomereza njirayi, ndipo pali dongosolo loikulitsa kuyambira 2020 mpaka 2029. Komabe masukulu ambiri akadali a Chipwitikizi chokha.

M'dongosolo limene linayamba mu 2003, mwana amaphunzira m'chilankhulo chake zaka zitatu zoyambirira akumva ndi kulankhula Chipwitikizi ngati phunziro, ndipo kalasi yachinayi ndiyo ya kusintha. Feliciano Chimbutane, amene wafufuza kwambiri makalasi otere, ndi mmodzi mwa osonyeza kuti pa kusinthapa ndi pamene pamavuta. Pa nkhani yathu ino vutolo likuoneka bwino. Kalasi yachinayi ndi nthawi imene nkhani za m'mabuku zimayamba kutalika, zimayamba kubwerera m'mbuyo, ndipo maphunziro a mbiri ndi zachilengedwe amafuna kuti mwana atsate chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira. Nthawi yomweyo ndi imene chilankhulo chikusinthidwa. Mwana amene sanaphunzire kumasula "anali atachoka" m'Chinyanja amakumana ndi "tinha saído" ali ndi mitolo iwiri pamutu. Amene anaphunzira kale amangofunika kuuzidwa kuti ntchito imene "-ta-" amagwira kwathu, kuno imagwiridwa ndi mawu awa. Luso loyala zochitika amaphunzira kamodzi, ndipo limaoloka naye.

Nanga aphunzitse bwanji? Njira yofala ndi ya zithunzi: mwana apatsidwa zithunzi zinayi zosokonezedwa, mbewu, mmera, ngaiyaye, chimanga chouma, kuti aziike m'malo mwake. Njirayi ndi yabwino kwa ana a kalasi yoyamba, makamaka akamafotokoza pakamwa chifukwa chake chithunzi ichi chatsogola. Koma tisadzinamize kuti ndi kuwerenga. Mwana angayale zithunzi zonse molondola osayang'ana liwu ndi limodzi lomwe. Njira yachiwiri ndi kuloweza mawu olozera: poyamba, kenaka, pambuyo pake, pomaliza. Nayonso ili ndi malo ake, makamaka polemba. Choipa chake n'chakuti ndime zolembedwera phunziro lotere zimakhala zoongoka kale, liwu lililonse lili pamalo pake, moti mwana amangokopera ziganizo kuchokera pamwamba kutsika pansi n'kukhoza zonse. Waphunzira kuti ndondomeko ya pa pepala ndiyo ndondomeko ya zochitika, chimene ndicho chikhulupiriro chomwe timafuna kumuchotsa.

Njira imene ndikuikhulupirira imayambira pa zimene mwana akudziwa kale bwino. Mu 1988 Donna Recht ndi Lauren Leslie anapatsa ana a sukulu ku America nkhani ya masewera a baseball, n'kuwauza kuti asonyeze ndi tizidole pa kabwalo kakang'ono mmene masewerawo anayendera. Ana ofooka pa kuwerenga koma odziwa masewerawo anapambana ana odziwa kuwerenga amene masewerawo sankawadziwa. Phunziro lake n'lakuti kutsata nkhani sikudalira luso la kuwerenga lokha, kumadaliranso kudziwa chimene chikukambidwa. Mwana wa ku Angónia ndi ku Tsangano ali ndi nkhani yake imene akuidziwa kuposa wolemba mabuku wa ku Maputo: mbatata ya kachewere. Akudziwa kuti mbewu imayamba yaphuka maso isanabzalidwe, kuti feteleza ali ndi nthawi yake, kuti dothi limakwezeredwa mbewu itakula pang'ono, kuti mvula ikachuluka chiwawu chimabwera ndipo anthu amathamangira kupopera, kuti pokumba amayembekeza masamba afote, ndipo akakumba amasankha zazikulu ndi zazing'ono asanalonge m'matumba. Mukamupatsa ndime yosokoneza ndondomeko imeneyi, adzadziwa yekha kuti china chake sichili bwino, ndipo adzabwerera kukayang'ana mawu. Kubwerera kumeneko ndiye kuwerenga.

M'kalasi zingayende chonchi. Ana afotokoze pakamwa mmene kwawo amalimira kachewere, mphunzitsi azilemba pa bolodi mawu awo enieniwo, chiganizo chimodzi pa mzere umodzi. Awerenge pamodzi. Tsiku lotsatira mphunzitsi abwere ndi nkhani yomweyo atailembanso moyambira kumapeto: "Bambo anagulitsa matumba pa msika wa Ulongué. Anali atakumba mbatatayo sabata yatha, masamba atafota. Asanabzale, anasunga mbewu m'chipinda mpaka itaphuka." Tsopano afunse kuti chinayamba n'chiti, ndipo yankho likabwera asalilandire lokha, afunsenso kuti, "Wadziwa bwanji? Tandilozera." Mwana adzuke akaike chala pa "-ta-" kapena pa "-sana-". Ana angapo anyamule ziganizozo pa mapepala n'kuima kutsogolo mmene zalembedwera, kenaka anzawo awasunthe mpaka aime mmene zinachitikira. Pomaliza ana okha atembenuze ziganizo zawo: amene analemba "Nditasamba ndinapita kusukulu" alembenso moyambira ndi sukulu. Zonsezi zimatheka m'kalasi yodzaza, ndi choko ndi makatoni akale.

Ana akamakula afunika nkhani zenizeni zobwerera m'mbuyo, ndipo sizili kutali. Buku limene limapezeka m'nyumba zambiri kuno ndi Baibulo, kaya Buku Lopatulika lomwe linatuluka mu 1922 kapena Buku Loyera la mu 1998. Pa Marko 6 pali chitsanzo chabwino kwambiri. Mfumu Herode imva mbiri ya Yesu n'kuganiza kuti Yohane Mbatizi wauka kwa akufa. Apo wowerenga sanauzidwe mmene Yohane anafera. Ndiye wolemba abwerera m'mbuyo n'kufotokoza za kumangidwa kwake, za phwando, za kuvina kwa mtsikana ndi za kuphedwa kwake, kenaka n'kubwerera kumene anasiyira. Mwana wa kalasi yachisanu amene angayale zochitika za m'mutu umenewu molondola wadutsa pa mlatho waukulu. Nkhani za pa wailesi ndi m'nyuzipepala nazonso zimayamba ndi chomaliza: anthu avulala pa ngozi, kenaka timva kumene galimoto inachokera, kenaka kuti mabuleki anali atayamba kuvuta dzulo lake. Mphunzitsi angalembe nkhani imodzi yotere pa bolodi Lolemba lililonse.

Pali amene amati anthu a chikhalidwe cha pakamwa sasamala za zaka, ndipo nthawi kwa iwo imangozungulira ndi nyengo, dzinja, masika, chilimwe. Zoona, nyengo zimazungulira, ndipo mlimi amawerenga nthawi yake motero. Koma khalani pansi ndi agogo a ku Calómue kapena a mudzi uliwonse wa m'malire muwafunse za moyo wawo. Adzati, "Uyu anabadwa tisanathawe. Uyu anabadwira ku Dedza. Uyu anabadwa titabwerako." Nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992 inathamangitsira ku Malawi anthu pafupifupi miliyoni imodzi, ambiri a iwo ochokera m'maboma a m'malire ngati lino, ndipo inasiya mzere wodula moyo wa banja lililonse pakati. Agogowo sangatchule chaka, koma ndondomeko saiphonya, ndipo akuinena ndi "-sana-" ndi "-ta-" yemwe uja. Chimene sukulu ingawonjezere ndi manambala.

Apa ndi pamene chingwe chimathandiza. Mangani chingwe kuchokera pa zenera lina kufika pa lina, ndipo ana apachikepo timapepala ta zaka. Ayambe ndi zaka zawo zobadwa ndi za abale awo, zimene zidzaunjikana kumapeto amodzi. Kenaka 1992, chaka cha mtendere. Kenaka 1980, pamene ndalama ya metical inalowa m'malo mwa escudo. Kenaka 25 Juni 1975, tsiku la ufulu. Mtunda wa pakati pa timapepala uzifanana ndi kuchuluka kwa zaka, kuti mwana aone ndi maso kuti kuchokera pa ufulu kufika pa mtendere ndi pafupi, koma kubwerera ku 1891 n'kutali. Chaka chimenecho ndi chimene Apwitikizi ndi Angerezi anagwirizana za malire awo. Kumbuyo kwake kuli kubwera kwa Angoni. Gulu la Zwangendaba linaoloka Zambezi mu Novembala 1835, tsiku limene kadamsana anaphimba dzuwa, ndipo kadamsanayo ndiye anathandiza akatswiri kupeza chakacho. Angoni a Maseko anali gulu lina. Anafika dera la Domwe, anapitirira mpaka ku Songea m'dziko limene lero ndi Tanzania, n'kubwereranso kudzakhazikika ku Domwe cha m'ma 1870. Mfumu yawo Gomani woyamba, mwana wa Chikuse, anaphedwa ndi Angerezi mu 1896. Ndipo Angoni asanafike, Achewa anali kale m'dziko lino, n'chifukwa chake chilankhulo chimene chinapambana m'midzi ndi chawo.

Ndakhalitsa pa mbiriyi chifukwa ikuonetsa chimene chimatayika ndondomeko ikasokonekera. Mwana amene amaona mapu poyamba, malire atajambulidwa kale, n'kumva za Angoni pambuyo pake, amaganiza kuti malire ndiwo anayamba, anthu n'kubwera kudzakhala mbali iyi ndi iyo. Akatero amayesa azakhali ake a ku Lizulu ndi anthu a dziko lina amene mwangozi amalankhula ngati iye. Akaika 1870 kumanzere kwa 1891 pa chingwe chija, nkhani yonse imatembenuka: anthu anali kale pamodzi, mzere ndiwo unabwera kudzadutsa pakati pawo. Palibe mfundo yatsopano imene wauzidwa. Wangoika ziwiri zimene ankazidziwa m'malo mwake.

Koma pali msampha umene mphunzitsi ayenera kuutchula poyera. Kutsatana si kuchititsana. Kadzidzi analira usiku, m'mawa mwana anadwala. Zinatsatana, inde, koma chiganizocho sichinanene kuti kulira ndiko kunadwalitsa. Mwana amene wangophunzira kuyala zochitika amafulumira kuika "chifukwa" paliponse pamene pali "kenaka". Choncho funso lakuti "Chinayamba n'chiti?" lizitsatidwa ndi lina: "Kodi choyambacho ndicho chinachititsa chachiwiri, kapena zangotsatana? Wolemba wanena choncho, kapena waganiza wekha?" Mbusa atagona mbuzi zinalowa m'munda, apo kugona ndiko kunapereka mpata. Mbusa atayetsemula mbuzi zinalowa m'munda, apo palibe mgwirizano. M'midzi mmene anthu, makamaka okalamba, amatha kunenezedwa zoopsa chifukwa chakuti anadutsa pakhomo tsoka lisanagwe, kusiyanitsa ziwirizi si nkhani ya mayeso okha.

Ndipo luso limeneli silithera m'nthano ndi m'mbiri. Pa botolo la mankhwala opopera mbatata pamalembedwa masiku oyenera kudikira munthu asanakolole, kawirikawiri m'Chipwitikizi kapena m'Chingerezi. Pa kapepala ka ku chipatala pamanenedwa ngati mankhwala amwedwe munthu asanadye kapena atadya. M'mabanja ambiri wowerenga zimenezi ndi mwana wa sukulu, ndipo akulu amachita zimene iye wanena. Masamu a mawu nawonso amakonda kuyambira kumapeto: mayi atsala ndi ndalama zakuti atagula sopo ndi mchere, anali ndi zingati asanagule? Ana ambiri olephera funso lotere kuwonkhetsa amakudziwa. Chawagwetsa ndi "atagula" ndi "asanagule".

Mayeso athu sathandiza kwenikweni kuona zimenezi. Mayeso ofulumira otchedwa EGRA, amene agwiritsidwa ntchito ku Mozambique ndi ku Malawi komwe, amapatsa mwana mphindi imodzi yowerenga kankhani kakafupi, kenaka amamufunsa mafunso a chigawo chimene wafika. Ndi abwino poyeza liwiro ndi kuzindikira mawu, koma kankhani kakafupi koongoka sikangasonyeze ngati mwana angathe kumasula nkhani yotembenuzidwa. Funso la m'kalasi lakuti "ikani ziganizo izi mu ndondomeko yake" limakhalanso lopanda mano ngati ndime yake inali yoongoka kale. Mphunzitsi wofuna kudziwa zoona aike m'ndime chiganizo chimodzi chokha chobwerera m'mbuyo, aone amene achigwira.

Chotsalira ndi mabuku ndi aphunzitsi. Mabuku a nkhani a m'Chinyanja ndi ochepa m'masukulu a kuno, pamene tsidya lina la msewu wa Dedza ndi Ntcheu kuli mabuku a Chichewa amene ana angawamve bwinobwino. Kalembedwe kamasiyana pang'ono, ku Mozambique amalemba "c" pamene ku Malawi amalemba "ch", koma mwana angauzidwe zimenezi m'mphindi zochepa, ndipo sichifukwa chomumanira nkhani. Aphunzitsi ambiri nawo anaphunzira m'Chipwitikizi chokha. Amalankhula Chinyanja bwino koma sanakhalepo pansi kuona mmene mneni wake amamangidwira, ndipo ena amatumizidwa kuno kuchokera kumadera a zilankhulo zina. Munthu sangalozetse mwana "-sana-" amene iye mwini sanamuonepo pa pepala. Masukulu oyandikana ali kale ndi misonkhano yawo ya ZIP, kumene aphunzitsi amakonzera limodzi maphunziro. Msonkhano umodzi ungakwane kuti ayale pa bolodi njira zinayi zija zonenera "kudya" ndi "kugona", aziike pambali pa zofanana nazo za Chipwitikizi, ndipo aliyense alembe ndime ziwiri za zinthu za kwawoko, imodzi yoongoka, ina yoyambira kumapeto. Akasinthana ndimezo, sukulu iliyonse ibwerera ndi zowerenga zokwanira milungu ingapo, ndipo wodziwa Chinyanja akhala atathandiza mnzake wochokera kutali kutchula bwino mawu amene adzawerengere ana.